Mitengo ya Makolo Pabwalo la mu Ng'ombe

 

Mitengo yambiri yokongoletsa mzinda wa Lusaka, umene unakhala likulu la dziko mu 1935, ndi yobwera. Jakaranda kwawo ndi ku South America, bulugamu ndi wa ku Australia, ndipo ngakhale mango anachokera ku India. Sitiinyoza ayi, pakuti mango alera ana athu. Chotidetsa nkhawa nchakuti mdzukulu wobadwira mu Ng'ombe, tikapita naye kukalamba ku Mkaika mu Ogasiti, amaimirira pansi pa msolo osaudziwa, chonsecho ndi patsinde pa mtengo umenewu pamene makolo ankathira nsembe.

Tsono tidzale mitengo yakwathu, koma mwanzeru. Mapoloti a mu Ng'ombe ndi aang'ono: apa nyumba, apo chimbudzi chokumba, kumtunda nthambo za ZESCO, ndipo khoma la mnansi lili pafupi. Mtima wa Mchewa umathamangira kachere, mtengo wa pabwalo la milandu, umene umaphuka ngakhale mutangozika nthambi yake. Ulemu wake ngwaukulu, koma mizu yake imalondola chinyezi mpaka kung'amba maziko ndi kugumula chimbudzi, ndipo mlandu umene ungabuke ndi anansi sudzatha msanga. Mkuyu uli chimodzimodzi. Mbawa ndi mlambe tizisiyire mabwalo a sukulu ndi a matchalitchi, kumene zingatambasuke.

Ife tikuika patsogolo mtowo. Sutalika kwambiri, umapirira chilimwe, ndipo matowo ake, amene pamsika kuno amati makole, ana amawatafuna tsiku lonse osatopa. Mpoza nawo ndi waufupi, woyenera pangodya, zipatso zake zonunkhira. Nthudza ili ndi minga, motero ikadzalidwa m'malire imakhala mpanda wobala chakudya; kumbukirani chabe kuti ina ndi yaimuna, ina yaikazi, ndiye wodzala umodzi akhoza kudikira zaka osalawa kanthu. Amene bwalo lawo nlotakasukako, msikidzi udzawapatsa mthunzi wandiweyani ngakhale mu Okutobala, pakuti suyoyola masamba onse.

Pa msuku tiimepo pang'ono, popeza ambiri aufunsa. Tikaona masuku atadzaza m'mabeseni m'mbali mwa msewu mu Novembala, timalakalaka titakhala nawo pakhomo. Koma msuku ndi mtengo wa m'thengo wokonda dothi lakwawo. Mizu yake imakhalira limodzi ndi tizamoyo ta mtundu wa bowa, ndipo popanda timeneti mbande imanyentchera. Wofuna kuyesa atape dothi la pansi pa msuku waukulu, afese njere zikadali zaziwisi, pakuti zikauma sizimera bwino, ndipo adzale ingapo, chifukwa nayonso ili yaimuna ndi yaikazi. Zipatso zake mwina adzadya ndi adzukulu.

Nthawi yodzala ndi Disembala, mvula itakhazikika, kuti mbande igwire tisanayambe kuithirira ndi madzi ogula pampopi. Dzenje likhale lofika m'mawondo, lothira manyowa owolerana, ndipo mutchingire ndi njerwa kapena thumba kuopa nkhuku ndi mpira wa ana. Alendi ayambe apempha kwa eni nyumba. Ndipo inu amene mudzapite ku Katete, ku Chadiza kapena ku Chipata chaka chino, potenga nsinjiro ndi nyemba mutitengerekonso njere za mtowo, mpoza ndi nthudza, kuti tidzagawane pamsonkhano wa bungwe mvula isanagwe.