Kuphika Buledi ndi Makina: Zolakwa Zoyenera Kupewa

Nkhani ya lero ikukhudza mabanja amene ali ndi makina ophikira buledi, ndiponso ena amene akulingalira zowagula. Makinawa ndi kabokosi koyendera magetsi. M'kati mwake muli chitini, ndipo pansi m'chitinimo muli kachitsulo kozungulira kamene kamakanda ufa. Munthu amathiramo zofunika zonse, natseka chivindikiro, ndipo pakapita maola atatu kapena anayi amatulutsamo buledi wakupsa. Komabe alipo ena amene adagula makinawa ndi ndalama zambiri, nawasiya pakona mwezi usanathe, chifukwa buledi wake ankatuluka wolimba ngati njerwa kapena wophwa pakati. Fulawa, shuga ndi magetsi zikapita pachabe motere, banja limataya ndalama zimene likadagulira ndiwo.

Pofuna kumvetsa gwero la mavutowa, nkoyenera kudziwa m'mene makinawa adayambira. M'chaka cha 1985, akatswiri a kampani ya Matsushita ya ku Osaka m'dziko la Japan, imene lero imatchedwa Panasonic, adali pa ntchito yopanga makina otere. Makina awo oyamba ankapsereza buledi kunja pamene m'kati muli mosapsa. Tsono mmodzi wa iwo, Mayi Ikuko Tanaka, adapita kukaphunzira kwa mkulu wa ophika buledi pa Osaka International Hotel. Kumeneko adaona kuti mmisiriyo pokanda ankakoka ufa nkumaupotokola, ndipo luso limeneli ndilo lidaikidwa m'makina. Motero makinawa adatengera manja a mmisiri uja, koma maso ake sadatengere ayi. Sazindikira ngati madzi achuluka kapena ngati yisiti yafa. Kuyeza ndi kuyang'anira ndi ntchito ya mwini wake.

Cholakwa choyamba ndicho kuyeza mongoyerekeza. Mayi wophika nsima amawonjezera ufa pang'onopang'ono mpaka dzanja litamuuza kuti yalimba, koma makina amangolandira chimene apatsidwa. Pa buledi wa banja, fulawa wokwana magalamu 500 amafuna madzi okwana pafupifupi mamililita 300, supuni yaing'ono imodzi ndi theka ya mchere, supuni yaikulu imodzi ya shuga, ina ya mafuta ophikira, ndi supuni yaing'ono imodzi ya yisiti. Sikelo imaposa kapu, pakuti fulawa wotsendereza m'kapu amalemera kuposa wongothira. Ndiponso chitini chilichonse chili ndi mlingo wake. Fulawa akapitirira mlingowo, ufa wokanda umafufuma mpaka kumamatira ku chivindikiro.

Cholakwa chachiwiri chili pa mtundu wa fulawa. Mu ufa wa tirigu muli chinthu chonanda chotchedwa gluten, chimene chimatanuka ngati mphira ndi kugwira mpweya wofufumitsa buledi. Fulawa wa buledi ali ndi gluten wambiri, pamene fulawa wa makeke ali ndi wochepa, kotero buledi wake amatuluka wamfupi ndi wofumbutuka. Mgaiwa, ufa woyera ndi ufa wa chinangwa mulibe gluten konse. Wofuna kusakanizako ufa wotere athire wochepa chabe, tirigu akhale ndiye wochuluka.

Chachitatu ndicho kusasamala yisiti. Yisiti ndi chinthu chamoyo. Imadya shuga ndi kutulutsa mpweya, ndipo imafa m'madzi otentha kufika madigiri 60. Madzi ozizira kwambiri nawonso amaichititsa ulesi. Oyenera ndi madzi ofunda pang'ono, onga osambitsira khanda. Koma m'nyengo yotentha ya mwezi wa Okutobala, makamaka ku Chikwawa, ku Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja, madzi ozizirirapo ndiwo abwino, chifukwa ufa ukafufuma mofulumira umadzaphwa pophika. Kuchulutsa yisiti kumabweretsa vuto lomwelo. Wokayika ngati yisiti yake ikadali yamoyo aisungunule m'madzi ofunda okhala ndi shuga pang'ono. Ikapanda kuchita thovu pa mphindi 10, ndiye kuti yatha mphamvu.

Pothira zinthu palinso dongosolo lake. M'makina ambiri mumayamba madzi ndi mafuta, kenaka fulawa, mchere ndi shuga m'mbali, ndipo yisiti imakhala pamwamba m'kadzenje kouma. Cholinga chake nchakuti yisiti isakumane msanga ndi madzi kapena mchere, popeza mchere umabweza mphamvu yake. Makina ena amafuna kuti yisiti iyambe pansi. Nchifukwa chake kabuku kobwera ndi makinawo kayenera kuwerengedwa, pakuti safunsa adadya phula. Ndipo munthu wothira zinthu usiku kuti buledi apse m'mawa asaikemo mazira kapena mkaka wamadzi, chifukwa zimenezi zimawonongeka zikakhalitsa pofunda.

Cholakwa chachinayi, chimene chimaposa zonse, ndicho kutseka chivindikiro nkuchoka. Pakatha mphindi 5 kapena 10 makina atayamba kukanda, wophika atsegule ndi kuyang'ana. Ufa wokandika bwino umaumbika kukhala mpira wosalala, wofewa, womata pang'ono chala chikaukhudza. Ngati uli woyoyoka ndipo makina akulira movutikira, athiremo supuni imodzi ya madzi. Ngati ukupakika m'mbali mwa chitini ngati phala, athiremo supuni imodzi ya fulawa, nadikire kaye asanawonjezere ina. Kuyang'ana kumeneku nkofunika tsiku lililonse, chifukwa fulawa wa m'dzinja amakhala ndi chinyezi kuposa wa m'chilimwe. Koma kuphika kwenikweni kukayamba, chivindikiro chisatsegulidwenso, poopa kuti kutentha kungathawe.

Buledi akapsa asagonekedwe m'chitini, chifukwa nthunzi imamunyowetsa m'mbali. Atulutsidwe ndi nsalu yokhuthala, naikidwe pamalo popita mphepo kwa theka la ola kapena kuposerapo. Buledi wodulidwa akadali wotentha amamatana m'kati ngati wosapsa. Mpeni usalowe m'chitini, pakuti ukapala utoto woterera wa m'katimo, buledi amayamba kukanirira. Kachitsulo kokandira kaja nthawi zina kamatsalira m'buledi. Kachotsedwe, katsukidwe, ndi kubwezeredwa pamalo pake, chifukwa popanda iko makina sangakande.

Chotsiriza ndi nkhani ya magetsi. Magetsi a m'nyumba za ku Malawi ndi a mavolti 230, monganso a ku South Africa ndi ku Britain. Makina opangidwira ku America amafuna mavolti 120, ndipo a ku Japan amafuna 100. Wolandira makina kuchokera kwa mbale wa kunja ayambe wawerenga zolembedwa kunsi kwake, apo ayi makinawo angapse tsiku loyamba lomwelo. Magetsi akazima buledi asanayambe kupsa, ufa wokandawo usatayidwe. Uchotsedwe, uikidwe mumphika wopaka mafuta, ndipo ukafufuma uphikidwe ndi makala pansi ndi pamwamba, monga amaphikira chigumu.

Buledi akakanika, wophika asasinthe zinthu zambiri nthawi imodzi. Alembe m'kabuku chimene adathira ndi m'mene buledi adatulukira, ndipo ulendo wotsatira asinthe chinthu chimodzi chokha. Potero adzadziwa pamene padalakwika, ndipo fulawa wake sadzapitanso pachabe.