Ulendo wa Ndowe Kuchokera m'Khola Kufikira pa Msika

Lero tikambirana za chinthu chimene ambiri timachilambalala titagwira mphuno, ndicho ndowe. Ku Ulaya kuli dziko lotchedwa Denmark, kumene nkhumba n'zochuluka kuposa anthu. M'chaka cha 2022, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a gasi yense amene dzikolo lidagwiritsa ntchito lidachokera ku ndowe ndi zinyalala zina zowola. Kodi anthu ameneŵa adachita chiyani kuti ndowe zifike pa msika?

Tiyambe ndi gasi mwini wake. Mukathira ndowe zosakaniza ndi madzi m'thanki yotsekedwa bwino, yosaloŵa mphepo, tizilombo tosaoneka ndi maso, tomwe timakhala kale m'mimba mwa ng'ombe, timadya ndowezo ndi kutulutsa mpweya umene akatswiri amautcha bayogasi. Mwa magawo 10 a mpweya umenewu, pafupifupi 6 ndi methane, ndipo ndiye amene amayaka. Otsalawo ndi mpweya wosayaka, pamodzi ndi kena konunkha ngati dzira lowola, kamene kamadya zitsulo za injini. Tizilomboti timakonda kufunda konga kwa m'mimba mwa ng'ombe. Kukazizira timachita ulesi. Amayi ofulula moŵa sangadabwe nazo, pakuti akudziŵa m'mene mbiya imachedwera kuŵira m'mwezi wa Juni.

Kupanga gasi, tsono, si nkhani yovuta. Chovuta ndi kupeza phindu, ndipo anthu a ku Denmark adaphunzira zimenezi atapsa zala. Mu 1973 mtengo wa mafuta udakwera mwadzidzidzi pa dziko lonse, ndipo popeza dziko lawo linkadalira mafuta ogula kunja, boma lidafika poletsa magalimoto kuyenda Lamlungu. Alimi ena adamanga matanki pa mafamu awo, aliyense payekha. Ambiri mwa matanki oyambawo adalekeka: makina ankawonongeka kaŵirikaŵiri, mlimi analibe nthaŵi yokhala makaniko, ndipo gasi ankatuluka wochepa. Ndowe za m'makola a kumeneko zimatuluka ngati phala lamadzimadzi, mwakuti magawo 9 mwa 10 ndi madzi okhaokha, ndipo madzi satulutsa gasi.

Mu 1984, m'mudzi wa Vester Hjermitslev kumpoto kwa dzikolo, adatsegula fakitale yoyamba yolandira ndowe za mafamu ambiri pamodzi. Chimene chidakokera alimi ku mafakitale otere sichidali gasi kwenikweni ayi. Ndowe zidali zitawachulukira, ndipo mvula inkakokolera mphamvu yake m'mitsinje ndi m'nyanja mpaka zamoyo za m'madzi kumafa. Kuyambira 1987 malamulo oteteza madzi adakakamiza mlimi kukhala ndi posungira ndowe za miyezi yambiri ndi kuleka kuzimwaza chisawawa. Kumanga posungira potero kudali kodula. Fakitale ya gulu idamchotsera mlimi mtolo umenewu, chifukwa inkatha kusunga manyowa ndi kuperekako otsala kwa mlimi wina wosoŵa.

Tamvani m'mene ntchito imayendera, pakuti nzeru yonse yagona pamenepa. Lole yokhala ndi thanki imafika pa famu itanyamula manyowa amene achotsedwa kale gasi, n'kuwakhuthulira mosungira mwa mlimi. Kenaka imapopa ndowe zaziŵisi ndi kubwerera ku fakitale. Siyenda yopanda katundu, popita ngakhale pobwera. Ndowe ziyenera kutengedwa msanga, chifukwa zikagonera m'khola masabata angapo, gasi amayamba kuthaŵira m'mlengalenga, ndiye kuti ndalama zapita ndi mphepo. Mtunda nawo amauŵerengera mosamala: kunyamula phala lamadzi pa mtunda wautali kumadya dizilo wa ndalama zoposa mtengo wa gasi wopezekamo. Choncho fakitale imamangidwa pakati pa makola, osati pamene pakomera akuluakulu.

Padali chinsinsi china. Ndowe zokha n'zosauka, pakuti chiŵeto chidayamba kale kutengamo zabwino. Eni mafakitale adayamba kusakanizamo zotaya za kophera ziŵeto, za kokonzera nsomba ndi mafuta otsala m'mafakitale a zakudya, ndipo gasi adachuluka koposa. Poyamba eni zinyalalazo ankachita kulipira kuti ziwachokere. Mafakitale a gasi atachuluka, zinyalala zomwezo zidayamba kulimbiranidwa, ndipo zina zidasanduka malonda. Apa ndipatukeko pang'ono. Ku Germany, lamulo la mu 2004 lidapereka mtengo wabwino wa magetsi opangidwa ndi gasi wa mbewu zolimidwa, kotero alimi adadzala chimanga minda yaikuluikulu kuti chikathiridwe m'matanki. Boma lidachita kuika malire pambuyo pake. Kwa ife odziŵa njala ya m'Febuluwale, njira imeneyo ndi yosayenera ngakhale kuiyang'ana.

Tsopano gasi wapezeka, agule ndani? Kwa zaka zambiri gasi wa ku Denmark ankayendetsa injini zopanga magetsi, ndipo kutentha kwa injinizo kunkafunditsa madzi opita m'mapaipi kukatenthetsa nyumba za m'tauni. Fakitale ya ku Lemvig, imene alimi adaiyambitsa mu 1992, idayamba motero. Koma ng'ombe sidziŵa nyengo. Imatulutsa ndowe chaka chonse, pamene nyumba sizifuna kutenthetsedwa m'nyengo yotentha. Msika wa tauni imodzi udali wochepa. Mu 2012 zipani za m'nyumba ya malamulo zidagwirizana zoti boma lizithandiza ndi ndalama gasi wotsukidwa. Kutsukako ndi kuchotsamo mpweya wosayaka uja kuti patsale methane pafupifupi yekhayekha, woyenera kuloŵa m'mapaipi a dziko lonse. Kuyambira pamenepo wogula sadalinso tauni imodzi koma aliyense wolumikizidwa ku paipi, ndipo mafakitale aakulu adamera ngati bowa. Tinene zoona: popanda ndalama za bomazo, ambiri mwa iwo sakadamangidwa.

Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itakweza mtengo wa gasi mu 2022, ndowe zidakhala chuma chosiririka. Kampani ya Shell idagula kampani ya Nature Energy, imene idali ndi mafakitale ambiri a bayogasi m'Denmark, pa mtengo wa pafupifupi madola 2 biliyoni, ndipo malondawo adatha mu 2023. Ine pamenepa ndimaima kaye. Mafakitale ambiri oyamba adali a magulu a alimi. Mwa aakulu amene adadza pambuyo, angapo ali m'manja mwa makampani. Mwini ng'ombe akhoza kulandira manyowa abwino, osanunkha kwambiri ndiponso oloŵa msanga m'mbewu, koma phindu la gasi limatsatira mwini thanki.

Nanga kuno kwathu? Tilibe mapaipi a gasi oyenda m'dziko lonse, nyumba zathu sizifuna kutenthetsedwa, ndipo ng'ombe zambiri zimataya ndowe kudambo kumene zimadya. Kumene nkhaniyi ikutikhudza ndi kwa alimi a ng'ombe zamkaka, monga a ku Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje, amene ng'ombe zawo zimadyera m'khola ndipo ali kale m'magulu osonkhanitsa mkaka. Kilogalamu imodzi ya ndowe zaziŵisi za ng'ombe imapereka gasi wokwana pafupifupi malita 40. Banja lofuna malita 2,000 ophikira pa tsiku lifunika makilogalamu 50 a ndowe tsiku lililonse, ndiponso madzi ochuluka chimodzimodzi osungunulira, ngakhale mu Okutobala pamene chitsime chaphwa. Gulu limene likuganiza zomanga thanki yaikulu liyambe laŵerenga ng'ombe zimene zili pa mtunda wotheka kukankha wilibala, lidziŵe amene adzatunge madzi, ligwirizane za kagaŵidwe ka manyowa, ndipo lipeze wogula wapafupi wofuna moto chaka chonse, kaya ndi khitchini ya sukulu yogonera konko, kaya ndi malo awo omwe otsukira zigubu ndi kuziziritsira mkaka. Zonsezi zilembedwe khasu lisanakhudze nthaka.

Nthaŵi yatithera, omvera. Tsalani bwino.