Mwana Wamng'ono Pakhomo Sukulu Itatsekedwa

Kwa aphunzitsi, nkhani isanayambe: Lembani pa bolodi mawu awa: mliri, kachilombo, katemera, ndondomeko. Lembaninso masiku awa: 20 Malichi 2020, 1 Juni 2020, 21 Sepitembala 2020. Ngati muli ndi mapu a Chigawo cha Kum'mawa, sonyezani ana maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, pamodzi ndi malire a Malawi ndi Mozambique.

Ikani mabuku pansi, khalani bwino, ndipo tcherani khutu.

Lero tikamba za chaka cha 2020, chaka chimene belu la sukulu linakhala chete miyezi yambiri. Ena a inu munali kumsana kwa amayi anu, ena munali mutangoyamba kumene Giredi 1. Tifuna tione m'mene mwana wamng'ono anakhalira pakhomo masiku amenewo, ndi chimene chinamthandiza, kuti zotere zikadzachitikanso inu mudzadziwe chochita ndi ang'ono anu.

Tiyambe ndi mbiri yake. Matenda a COVID-19, amene anthu ambiri ankangowatcha korona, anayamba kudziwika mu mzinda wa Wuhan, m'dziko la China, kumapeto kwa chaka cha 2019. Pa 11 Malichi 2020 bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalengeza kuti matendawa asanduka mliri wa dziko lonse lapansi. Pa 18 Malichi anthu awiri oyamba anapezeka nawo muno m'Zambia, ndipo pa 20 Malichi sukulu zonse zinatsekedwa, kuyambira za ana aang'ono mpaka mayunivesite.

Kuno kwathu boma silinatsekere anthu onse m'nyumba monga anachitira ku South Africa. Tauni ya Kafue inatsekedwa kanthawi m'mwezi wa Epulo kuti anthu apimidwe, ndipo chipata cha pa malire ku Nakonde chinatsekedwa masiku angapo m'mwezi wa Meyi. Komabe malamulo ena anakhudza aliyense. Malo omwera mowa anatsekedwa. Pa maliro, pa ukwati ndi pa misonkhano anthu sanaloledwe kupitirira 50. Munthu popita pagulu anayenera kuphimba pakamwa ndi mphuno, ndipo matelala a pa Katete ndi pa Sinda anayamba kusoka mamasiki a nsalu ya chitenje. Ngakhale mwambo wa Kulamba, umene Achewa a m'maiko atatu amasonkhanira ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, sunachitike chaka chimenecho.

Mwina mufunsa kuti: nanga ife a kumudzi tinaopa chiyani, popeza matenda anayambira ku Lusaka? Yang'anani pa mapu. Msewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata umapyola pa Sinda ndi pa Katete. Pa Katete pomwepo pamapatuka msewu wopita ku Chanida, kumene magalimoto a katundu amalowera kuchokera ku Mozambique. Boma la Vubwi lili m'malire ndi Malawi ndi Mozambique, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale tsidya ili ndi tsidya lina. Kachilombo kalibe miyendo, kamayenda ndi anthu. Kumene kuli msewu, msika ndi maliro, nakonso kakhoza kufika.

Tsono tiyerekeze banja lina la m'mudzi: atate, amayi, agogo, mtsikana wa Giredi 6, mnyamata wa zaka 7 amene anayamba Giredi 1 m'mwezi wa Januwale, ndi kamwana ka zaka 3. Mnyamatayo waphunzira miyezi iwiri yokha ndi masabata owerengeka. Wangodziwa kumene kugwira pensulo ndi kutchula a, e, i, o, u. Tsiku lina auzidwa kuti mawa kulibe sukulu. Poyamba akondwa, ayesa ndi tchuthi. Koma sabata itha, mwezi utha, ndipo aona kuti kutchalitchi sapita monga kale, alendo akafika saperekanso dzanja, ndipo akulu akamva nkhani pa wailesi nkhope zawo zigwa.

Mwana wamng'ono saona kachilombo. Chimene aona ndi nkhope za akulu ndi m'mene tsiku liyendera. Tsiku likakhala lopanda mutu, kudzuka nthawi ili yonse, kudya nthawi ili yonse, popanda womuuza chimene chili kuchitika, mwana amada nkhawa. Ena amayamba kulira popanda chifukwa, ena amakakamira amayi, ena amayambiranso kukodza pogona. Uku si kupulupudza ayi, ndipo ndodo siichiza. Chimene chimamkhazika mtima pansi ndi tsiku lokhala ndi ndondomeko, loti adziwe kuti chikatha ichi chibwera ichi. Sukulu imampatsa zimenezi ndi belu. Belu likaleka, banja liyenera kulowa m'malo mwake. Tiyeni titsate tsiku limodzi la banja lathu lija, kuyambira m'mawa mpaka usiku.

M'mawa ana adzuka nthawi yomwe ankadzukira popita kusukulu. Asesa pabwalo, asamba kumaso, ndipo asanadye phala la nsinjiro asamba m'manja ndi sopo. Pafupi ndi chimbudzi atate amanga kachigubu pa mitengo iwiri, ndi chingwe chofika pa kamtengo kopondapo, kotero kuti madzi atuluka munthu osagwira chigubu. Chifukwa chiyani sopo? Kachilombo ka korona kali ndi chikopa chamafuta. Monga sopo achotsa mafuta m'mbale, momwemonso aswa chikopa chimenechi, koma afuna nthawi, masekondi 20. Kamwana ka zaka 3 sikadziwa sekondi. Choncho mkulu wake asamba nako pamodzi, akuwerenga pang'onopang'ono kuyambira 1 mpaka 20. Taonani, kamwana kaja kasamba m'manja, kaphunziranso kuwerenga.

Pa chakudya banja lasintha mwambo umodzi. Kale onse ankasamba m'beseni limodzi, kuyambira atate mpaka wamng'ono, kotero kuti wamng'ono ndiye ankalandira madzi akuda koposa. Tsopano mmodzi athirira anzake madzi ndi chikho. Mwambo uwu ndi woyenera kuusunga ngakhale kulibe mliri.

Dzuwa likakwera, banja lipita kumunda. Sukulu zinatsekedwa mvula ili kutha, nthawi ya mondokwa ndi maungu, ndipo posachedwa inafika nyengo yokumba mtedza, yokolola chimanga ndi yotola thonje. Kumunda kunali malo abwino, chifukwa kachilombo kamayenda mu mpweya umene munthu atulutsa popuma, polankhula ndi potsokomola, ndipo kamafala msanga m'nyumba yotseka yodzaza anthu kusiyana ndi panja pamene mphepo iwomba. Kumundako mwana aphunzira zambiri ngati wina alankhula naye. Awerenga mizere. Aunjika mtedza m'milu ya khumikhumi. Atchula maina a mitengo ndi a mbalame. Koma apa panalinso ngozi. M'maboma athu muli ng'ombe zambiri, ndipo anyamata ena amene anatumidwa kubusa masiku amenewo anazolowera kutchire, nakhala ovuta kuwabweza m'kalasi. Kuthandiza makolo ndi kwabwino, koma mwana asaiwale kuti ndi mwana wa sukulu.

Chifukwa chake masana, nsima itatha, pakhala nthawi ya phunziro pansi pa mtengo wa mango. Siyenera kutalika, theka la ola likwana. Mphunzitsi wake ndani? Ndi mtsikana uja wa Giredi 6. Choko ndi khala, bolodi ndi chidutswa cha katoni, ndipo ngati palibe pepala, mchenga ulipo. Alembetsa mlongo wake dzina lake, amuwerengetsa ma, me, mi, mo, mu, ndi kumfunsa mawu oyamba ndi ma: madzi, mayi, mano. Unduna wa maphunziro unakonza maphunziro a pa wailesi ndi a pa wailesi yakanema masiku amenewo. Koma nyumba zambiri za kumudzi zinalibe magetsi, ndipo ngakhale wailesi ilipo, mwana wa zaka 7 sangaphunzire nayo yekha. Izi zinadziwika kale ndi maphunziro a pa wailesi otchedwa Learning at Taonga Market, amene anayamba m'chaka cha 2000: pamalo pali ponse pomvetsera pankakhala munthu wamkulu wotsogolera ana kuyankha ndi kulemba. Wailesi ilankhula, koma wogwira dzanja la mwana ndi munthu amene wakhala naye pamphasa.

Chakumadzulo ndi nthawi ya masewera. Kunali kovuta kuletsa ana a m'mudzi umodzi kusewera pamodzi, koma makolo anzeru anawasunga panja, m'timagulu tating'ono, osawalola kupita kumsika kapena kumaliro. Phada aphunzitsa kuwerenga ndi kuchotsera. Nsolo iphunzitsa kuganiza usanasunthe mwala. Kuumba ng'ombe zadothi kulimbitsa zala zomwe mawa zidzagwira pensulo. Pa masanje ana ankasewera zachipatala, wina dokotala, wina wodwala, ndipo mwa njira imeneyi ankatulutsa mantha amene sakanatha kuwanena ndi pakamwa. Dziwaninso ichi: a WHO analangiza kuti ana a zaka 5 kutsika pansi asakakamizidwe kuvala masiki. Kamwana kotere kamatetezedwa ndi ukhondo wa anthu okhala nako.

Nanga agogo? Apa ndi pamene panali povuta koposa. Ana ambiri amene anatenga kachilomboka sanadwale kwambiri, koma okalamba ndi odwala shuga kapena mtima ndiwo anali pa ngozi yaikulu. Mwana wathanzi akanatha kuwatengera agogo ake matenda iye osadziwa. Kodi tsono mdzukulu aleke kupita kwa agogo? Mabanja ambiri anapeza njira m'mwambo wathu womwe. Mchewa sasowa moni wopanda kugwirana chanza: agwada kapena kunyonyomala chapatali, naomba m'manja, nati, "Mwaswera bwanji, agogo?" Ulemu wakwana, ndipo mtunda wasungika. Usiku nthano zinkakambidwa panja, pamoto, agogo mbali iyi, adzukulu mbali inayo. Agogo akati "Padangotero," ana ayankha "Tili tonse." Akaponya chilapi chakuti nyumba yopanda khomo, kamwana kakuwa kuti dzira. Mwana womva nthano amadziwa mawu ambiri, amadziwanso kuti nkhani ili ndi chiyambi, pakati ndi mapeto, ndipo zimenezi ndizo maziko a kuwerenga.

Mwana akafunsa kuti, "Kodi tonse tifa?" asanamizidwe, komanso asaopsezedwe. Ayankhidwe mwachidule: "Kuli matenda, ambiri amachira, ndipo ife tili kusamba m'manja kuti tisadwale." Akatero apatsidwe ntchito yake, monga kuona ngati m'kachigubu muli madzi. Mwana amene ali ndi ntchito saopa kwambiri, pakuti adziona kuti nayenso ali kuthandiza.

Chinthu china chimene sichinayenere kuleka ndi sikelo. Amayi ena anaopa kupita kuchipatala poganiza kuti akatengako korona. Koma chikuku, malungo ndi kutsegula m'mimba sizinapite patchuthi. Zipatala, monga cha St Francis ku Katete, cha Nyanje ku Sinda ndi zing'onozing'ono za m'midzi, ndizo zothawirako mwana akatentha thupi, akamapuma movutika kapena akakana kuyamwa. Kuchedwa naye pakhomo ndiko kuopsa koposa.

Pa 1 Juni 2020 ana a mayeso, a Giredi 7, 9 ndi 12, anabwerera kusukulu. Ena onse anadikira mpaka pa 21 Sepitembala. Werengani nokha: mnyamata wathu wa Giredi 1 anakhala pakhomo miyezi 6 yathunthu, kuposa nthawi imene anali ataphunzira. Aphunzitsi amene muli kumvetsera mukumbukira zimene munapeza tsiku limenelo. Mwana amene anali ndi womuwerengetsa pakhomo anapitiriza pamene analekera, pamene mnzake anayenera kuyambiranso kugwira pensulo. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Katemera wa korona anayamba kuperekedwa muno m'Zambia mu Epulo 2021, komabe mu Juni chaka chomwecho matenda anakula kwambiri ndipo sukulu zinatsekedwanso. Pa 5 Meyi 2023 a WHO analengeza kuti korona salinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse. Koma kumayambiriro kwa 2024 kolera inakula kwambiri, ndipo sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa mu Januwale zinatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Motero mwaona kuti belu likhoza kukhalanso chete, ndipo silitichenjeza.

Tsono inu a Giredi 4, 5, 6 ndi 7, musadikire mliri. Lero lomwe mukafika kunyumba, itanani mng'ono wanu kapena mlongo wanu wamng'ono, musambe naye m'manja mukuwerenga mpaka 20, ndipo mumlembetse chilembo chimodzi pamchenga. Mawa mumlembetse china. Mukazolowera kutero masiku a mtendere, tsiku la mavuto pakhomo panu padzakhala kale mphunzitsi.

Nkhani yathu yathera pano. Tsalani bwino ana, tsalani bwino aphunzitsi.

Mafunso a pambuyo pa nkhani:

1. Sukulu zinatsekedwa liti m'chaka cha 2020, ndipo ana a Giredi 1 anabwerera liti?
2. Sopo amachita chiyani ndi kachilombo ka korona?
3. Chifukwa chiyani nthano zinkakambidwa panja?
4. Tchulani zinthu zitatu zimene mwana wamng'ono angaphunzire kumunda.

Ntchito: Mwana ali yense akafunse makolo kapena agogo ake m'mene banja lawo linakhalira m'chaka cha 2020, alembe ziganizo zisanu. Aphunzitsi, thandizani kalasi kumanga kachigubu kosambira m'manja pafupi ndi chimbudzi cha sukulu, ndipo sankhani ana awiri sabata ili yonse oti aziona madzi ndi sopo.