Mlendo Asamangodutsa pa Zomba

A Mfumu a mzinda wa Zomba, a Bwanamkubwa, a Gogo Chalo ndi mafumu onse, anyamata ndi atsikana amene mwamaliza maphunziro operekeza alendo, amayi ndi abambo, sinditalikitsa, chifukwa eni masatifiketi ali patebulowa maso awo ali pomwepo.

Mlendo wathu timamudziwa. Amanyamuka ku Blantyre Loweruka m'mawa, nkukwera phiri la Zomba, nkudya nkhomaliro ku Ku Chawe. Akajambulitsa pa damu la Mulunguzi ndi kugula kambale ka mastroberi kwa ana a m'mbali mwa msewu, basi, dzuwa lisanalowe wabwerera. Ya malo ogona, ya mgonero, ya kadzutsa, yonse wabwerera nayo m'thumba. Ana inu, ntchito yanu ndi yoti munthu ameneyu agone kuno.

Chomugoneka ndi nkhani. Mukafika naye pa Emperor's View musangoloza chala kuti uko ndi ku Mulanje, iyo ndi nyanja ya Chilwa. Muuzeni kuti malowo anatchedwa choncho chifukwa cha Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anabwera mu 1965, ndipo abale athu achirasta amawalemekeza mpaka lero. Pa Queen's View muuzeni za amayi ake a Mfumukazi Elizabeth, omwe anacheza m'dziko muno mu 1957. Pa dzenje la Chingwe fotokozani zimene akuluakulu amasimba, zoti mafumu ankaponyamo adani awo, koma nenani poyera kuti ndi nkhani ya makolo. Musathire mchere wambiri pofuna kangachepe. Mlendo wa masiku ano ali ndi intaneti m'manja.

Mawa lake mutsike naye m'tauni. Zomba inali likulu la dziko lino mpaka 1975, ndipo aphungu anapitiriza kukumana kuno mpaka 1994. Nyumba ya Hotel Masongola ndi ya 1886. Chipilala cha asilikali a King's African Rifles (KAR) chili pomwepa, munda wa maluwa ndi mitengo ulinso pomwepa. Ku ndende ya Mikuyu, kumene mlakatuli Jack Mapanje anatsekeredwa kuyambira 1987 mpaka 1991, si kosangalatsa, koma ndi mbiri yathu, tisaibise. Akatsala ndi mphamvu, mupite naye pa doko la Kachulu akakwere bwato la ku chilumba cha Chisi, akamve kwa asodzi eni ake momwe Chilwa inaphwerera mu 1995 ndi mu 2018, matemba nkusowa pamsika.

Tsopano a Gogo Chalo, ndiloleni ndidandaule. Chilimwe chilichonse phiri lija limayaka, ndipo m'bandakucha matabwa ndi nkhuni zimatsika pamitu ndi panjinga. Umphawi tikuudziwa, koma palibe amene adzalipire kuti akaone zitsa. Madzi a m'mipopi yathu amachokeranso komweko.

Kwa aphunzitsi, pempho langa ndi ili: alipo ana a ku Chinamwali ndi ku Matawale amene amaliona phirili tsiku ndi tsiku koma sanafikepo pa mathithi a Williams. Teremu ikubwerayi akwezeni, ndipo owaperekeza akhale achinyamata omwewa, muwalipire moyenera.