Kutsitsidwa Udindo ndi Kudulidwa Malipiro: Mawu kwa Amalawi Okhala ku Johannesburg



Wantchito wobwera kuno ku Joni amaopa kuchotsedwa ntchito, koma kawirikawiri chimene chimamupweteka ndi kusinthidwa kwa ntchitoyo iye akadali pompo: wophika mu lesitilanti amauzidwa kuti kuyambira Lolemba azitsuka mbale, mlonda amasamutsidwa kuchoka ku Randburg kupita ku Pretoria popanda ya thiransipoti, ndipo mayi wogwira ntchito ya m'nyumba amangomva kuti masiku ake asanu asanduka atatu. Malamulo a dziko la South Africa salola kuti mgwirizano wa ntchito, wolembedwa kapena wapakamwa, usinthidwe ndi mbali imodzi yokha, ndipo gawo 186 la Labour Relations Act ya 1995 limaika kutsitsa munthu udindo mopanda chilungamo m'gulu la zolakwa zimene wantchito angasumire. Kutsitsidwa sikuyezedwa ndi ndalama zokha, pakuti munthu amene walandidwa mphamvu ndi ulemu wa udindo wake watsitsidwa ndithu, ngakhale malipiro akhale omwe aja.

Dandaulo lotere limapita ku CCMA, bungwe loyanjanitsa ndi kuweruza mikangano ya pantchito, limene sililipiritsa kanthu, ndipo wodandaula amalemba fomu ya LRA 7.11 pasanathe masiku 90 chichitikire nkhaniyo. Wochotsedwa ntchito ali ndi masiku 30 okha, ndipo wochedwa amayenera kuyamba wapempha chikhululukiro, chimene angamanidwe.

Pamene ambiri amatayira mlandu wawo ndi pa kusiya ntchito mokwiya. Zoona, lamulo limavomereza kuti munthu amene wasiya chifukwa bwana wachititsa ntchito kukhala yosapiririka awerengedwe ngati wochotsedwa, koma udindo wopereka umboni umagwera wantchitoyo, ndipo woweruza amayamba wafunsa ngati iye anayesa kudandaula asanatuluke pageti. Wosiya yekha amatayanso, nthawi zambiri, ndalama za UIF, thumba limene limathandiza anthu amene ntchito yawathera. Kukhala chete nakonso kuli ndi mtengo wake, chifukwa amene walandira malipiro ochepetsedwa miyezi ingapo osanena kanthu angaonedwe ngati anavomereza, ndipo apa ulemu umene anthu akwathu amatamandidwa nawo umawagwetsa m'mavuto. Njira yanzeru ndi kupitiriza kugwira ntchito uku atalemba kalata yaifupi yonena kuti sakugwirizana ndi kusinthako, ngakhale uthenga wa pa WhatsApp wooneka tsiku lake, ndi kusunga mapepala onse a malipiro, akale ndi atsopano. Akapatsidwa pepala kuti asayine, apemphe kupita nalo kunyumba kuti akaliwerenge modekha, ndipo akaumirizidwa alembe pambali pa dzina lake kuti wangolandira, sanavomere.

Sikuti wolemba ntchito alibe njira. Kampani ikakhala pa mavuto a zachuma, gawo 189 limailola kukambirana ndi antchito za kusintha ntchito kapena malipiro pofuna kupewa kuchepetsa anthu, ndipo mu 2020 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko, pa mlandu wa NUMSA ndi Aveng Trident Steel, linagamula kuti kuchotsa antchito amene anakana kusintha kotere kunali kololedwa chifukwa kampaniyo inalidi ndi zifukwa zenizeni. Wochotsedwa motere amalandira malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chathunthu chimene wagwira, koma amene wakana ntchito ina yoyenera popanda chifukwa chomveka amataya ndalamazi. Ngakhale zili choncho, palibe mgwirizano umene ungatsitse malipiro kupitirira mlingo wotsikitsitsa wa boma, umene pa 1 Marichi 2025 unafika pa R28.79 pa ola, ndipo kuyambira 2022 antchito a m'nyumba ali pa mlingo womwewo.

Nkhani ya mapepala olola munthu kukhala ndi kugwira ntchito m'dziko muno ndiyo imatseka ambiri pakamwa. Mu 2008 khoti la nkhani za ntchito, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA wokhudza nzika ya Argentina imene chilolezo chake chinatha, linagamula kuti munthu wotere akadali wantchito pamaso pa lamulo ndipo CCMA ingamve dandaulo lake. Chigamulochi sichipatsa munthu ufulu wokhala m'dziko muno, ndipo kubwezeretsedwa pantchito n'kovuta kwa wopanda chilolezo, koma chipukuta misozi, chimene chingafike pa malipiro a miyezi 12, angachipemphe. Bungwe lathu lino la Amalawi, limene limadziwa kale kusonkha ndalama zotumizira maliro kumudzi, lingachite bwino kusankha anthu awiri odziwa Chingelezi oti azithandiza mamembala kulemba makalata ndi mafomu, ndi kuwaperekeza ku CCMA pa tsiku la zokambirana.