Bwalo Likakula, Amalipira Ndani?



Ena mwa inu munakhalako ku America, ndipo mukudziwa kuti kuyambira Seputembala mpaka Novembala, Loweruka tauni yonse imakhamukira ku bwalo la yunivesite. Mpira wake si wathu wa miyendo uno ayi, koma uja wooneka ngati dzira, wothamanga nawo m'manja. Osewera ndi ana asukulu, koma bwalo la Neyland la University of Tennessee, ku Knoxville, limalowa anthu 101,915.

Mu Seputembala 2024 yunivesite imeneyi inalengeza kuti matikiti a chaka cha 2025 akwera ndi 14.5 peresenti. Mkulu wa zamasewero, a Danny White, sanabise kuti 10 peresenti ndi yolipirira osewera. Ine pamenepo sindidandaula. Kwa zaka zambiri anyamatawa akhala akuthyoka miyendo popanda malipiro pamene aphunzitsi awo a mpira akulandira mamiliyoni. Mu Juni 2025 khoti linavomereza kuti yunivesite iliyonse ingathe kugawira osewera ake madola pafupifupi 20.5 miliyoni pachaka.

Koma taonani mbali ina. Ntchito yokonza bwalo lomwelo la Neyland anaiwerengera madola 337 miliyoni. Mu 2024 Penn State inavomereza madola 700 miliyoni okonzera Beaver Stadium. Kodi ndalama zonsezi n'zokonzera benchi ya munthu wamba? Mbali ina inde: zimbudzi, makonde, njira zotulukira. Koma chimene akuluakulu amachifunitsitsa ndi zipinda za magalasi ndi mipando ya wofuwofu ya anthu olemera, poti m'menemo ndi m'mene muli phindu. M'mayunivesite ambiri simungagule tikiti ya chaka chonse pamalo abwino musanapereke kaye "mphatso" ku thumba la zamasewero. Mphatso yanji yochita kukulamulani?

Amatiuza kuti bwalo lidzabweza lokha ngongole yake. Tiyeni tipite ku Berkeley, ku California. Bwalo la kumeneko linamangidwa pamwamba penipeni pa mng'alu wa zivomezi wotchedwa Hayward, choncho kulikonza kunali koyenera, palibe angatsutse. Ntchito inatha mu 2012 ndipo inadya madola 321 miliyoni. Akuluakulu anawerengera kuti adzabweza ngongole pogulitsa mipango yapamwamba kwa zaka makumi angapo, wogula n'kulipira madola zikwizikwi pa mpando umodzi. Anawerengera madzi a mphutsi. Ogula anachepa, ndipo ngongole, kuphatikizapo ya nyumba yochitiramo masewero olimbitsa thupi, inapitirira madola 400 miliyoni.

Pofika mu 2017 mtsogoleri wa yunivesite, mayi Carol Christ, anavomera kuti gawo lina la ngongoleyo lichoke ku nthambi ya zamasewero, lisenzedwe ndi yunivesite yonse. Imeneyi ndi sukulu ya boma, abale anga. Yunivesite yomwe ikubweza ngongole ya bwalo ndi yomweyo yophunzitsa mwana amene sanapondeko ku mpira n'kamodzi komwe.