Makina Othandiza Dotolo Kukonza Ciuno

Ana inu, imirirani, mugwire m'mbali mwa ciuno ndi kukweza mwendo. Pamene mukumva kusunthapo, mutu wobulungira wa fupa la nchafu uzungulira m'kambale ka fupa la ciuno, monga munsi mu mtondo. Ukalamba, ngozi ndi matenda a sickle cell, amene tiwadziwa bwino muno m'Zambia, zimaononga malowa kufikira munthu alephera kuyenda.

M'caka ca 1962 dotolo John Charnley wa pa cipatala ca Wrightington ku England anakhazikitsa njira imene itsatiridwa kufikira lero: kucotsa mutu woonongekawo, kuikapo wacitsulo, ndi kulowetsa kambale kapulasitiki m'ciuno.

Bvuto lagona pa kapendekedwe ka kambaleko. Mu 1978 dotolo George Lewinnek ndi anzake analemba kuti kapendekeke madigiri 40 ca m'mbali ndi 15 ca kutsogolo, ndipo kuphonya kusapitirire madigiri 10. Mukayang'ana pa protractor yanu mudzaona kucepa kwake! Kambale kakakhala molakwika, mutu wacitsulo uja ungaguluke pamene munthu awerama kuti amange nsapato. Komatu dotolo aona fupa kudzera pa bala lodzala magazi, ndipo ciuno ca wodwala cingatembenuke pa thebulo iye osazindikira.

Apa ndipo pathandiza kompyuta. Dotolo akhomera tizizindikiro pa fupa ndi pa zida zake. Kamera itsata tizizindikiroto, ndipo kompyuta imuonetsa madigiri ndi utali wa mwendo nthawi yomweyo.

Roboti icita zoposa apa. Yoyamba, yochedwa ROBODOC, anayamba kuiyesa pa agalu (mmodzi wa oipanga, Howard Paul, anali dotolo wa ziweto), ndipo mu 1992 inagwira nchito pa munthu ku Sacramento, ku America. Inali kusema yokha m'kati mwa fupa. Ku Germany odwala ena anadandaula kuti minofu yao inapwetekedwa, ndipo milandu inafika kukhoti. Makina ena a masiku ano, monga Mako, ndi ofatsa: dotolo ayamba wajambula fupa ndi CT, alemba malire, ndipo agwira yekha mkono wa roboti. Akafuna kulumpha malirewo, mkonowo ukana. Kambale kakhaladi pamalo pake, ngakhale kuti makinawa ndi okwera mtengo ndipo opaleshoni nthawi zambiri itenga nthawi yotalikirapo.

Aphunzitsi, mukatseka wailesi lembani mzere pa bolodi. Mwana aliyense ayese kulemba madigiri 40 ndi maso cabe, ndipo mnzake ayese ndi protractor kuti waphonya ndi madigiri angati.